Buku la Masitepe ndi Pakamwa Panga

Bukulo linalowa m'nyumba mwathu lili m'chikwama cha bambo a ana anga, pakati pa makope oti achonge. Silinabwere chifukwa cha ine ayi. Kusukulu kumene ankaphunzitsa kunafika katoni ya mabuku a Chingerezi, mphatso yochokera kunja, ndipo ahedi anagawira mphunzitsi aliyense limodzi kuti akaliwerenge kunyumba, aone ngati mulibe zoipa, ana asanaligwire. Masiku amenewo, a chipani chimodzi aja, buku silinkangoikidwa m'manja mwa mwana. Bambowo analiika pawindo n'kuliiwala pomwepo. Kalasi yawo inali ya ana ochuluka kuposa mabenchi, ndipo akafika kunyumba maso awo ankafuna kupuma, osati zilembo zina.

Tinali titatha chaka ndi miyezi ingapo pasukulu ina kufupi ndi Malindi. Kwathu ndi ku Dowa, kozizira, ndipo kutentha kwa kunyanja kunkandisowetsa pokhala. Chiyao ndinkangomva moni ndi mayina a nsomba. Ana tinali nawo atatu, wamng'ono akuyamwa. Masana, awiri aja akapita kosewera ndipo wamng'onoyu akagona, ndinkazungulirazungulira nyumba ngati ndataya singano. Ndikasesa, ndikasesanso pomwepo. Tsiku lina ndikupukuta fumbi pawindo paja ndinalinyamula bukulo kuti ndipukute pansi pake, ndipo sindinalibwezerepo.

Sukulu ine ndinalekezera sitandade seveni. Chingerezi changa chinali chowerenga ndi chala, milomo ikuyenda. Kupatula mawu a Mulungu ndi nyimbo za kutchalitchi, sindinawerengepo buku lililonse kuchoka pachikuto mpaka pachikuto. Koma ili linali la zilembo zikuluzikulu, ndipo mawu ake ambiri ndinkawadziwa. Ndinakhala pakhonde, msana kukhoma, ndinayamba.

Inali nkhani ya bambo wina wonyamula makalata m'tauni ina ya kwa azungu. Tsiku lina anapatsidwa kalata yopita kunyumba yakale imene simunkakhala munthu. Anagogoda, osayankhidwa, analowa. M'katimo anapeza masitepe ataliatali, ena okwera, ena otsika. Anatsika masitepe makumi awiri, anatsegula chitseko, anatulukira mumsewu womwe uja anachokera. Koma kutsidya kwa msewuwo anaona mayi ake akuyanika zovala. Tsono mayi akewo, bukulo linali litandiuza kale patsamba loyamba kuti anamwalira.

Ndinabwerera m'mbuyo masamba atatu. Ndinati mwina ndadumpha, kapena osoka bukuli anasokoneza masamba. Ndinayang'ana manambala a m'munsi, anali otsatana bwinobwino. Ndinawerenganso pang'onopang'ono. Mayi uja anali akuyanikabe zovala. Mwana wake uja anamuyandikira, mayiyo osamuzindikira, anangomupatsa madzi akumwa monga mlendo aliyense. Ndipo pakhomopo panali kamwana kakusewera ndi supuni m'dothi. Kamwanako kanali iye yemweyo.

Abale inu, thupi langa linachita tsemwe dzuwa likuswa mtengo.

Bambo a ana atafika, sindinawadikire n'komwe kuti avule nsapato zonse ziwiri.

"Bambo, tandithandizeni apa. Mayiyu anafa kapena sanafe?"

Anawerenga ataimirira, nsapato imodzi ili m'manja. Anatembenuza masamba awiri, n'kuseka.

"Anafa, mayi. Koma munthuyu wabwerera ku chaka chimene anali moyo. Sitepe imodzi, chaka chimodzi. Akatsika akupita kale, akakwera akupita kutsogolo."

"Zimatheka zimenezo?"

"Ndi zopeka izi. Azungu akakhuta amalemba zotere."

"Nanga inu simuliwerenga? Paja ahedi anapatsa inu."

"Poti mwaliyamba kale, malizani, mudzandifotokozera. Mukapeza pamene akutukwana kapena akupsompsonana, mupinde tsamba lake. Ndi zimene ahedi akufuna."

Umu ndi mmene ntchito ya amuna anga inagwera m'manja mwanga. Tonse awiri tinaiona ngati nkhani yoseketsa.

Poyamba ndinali ndi mantha ena. Kwathu munthu woyenda maulendo osaoneka ndi maso timadziwa dzina lake, ndipo si dzina labwino. Ndinagwada n'kufunsa Ambuye ngati bukuli silindidetsa mtima. Koma ndikamuyang'anitsitsa wamakalata uja, analibe mphini, analibe nsupa, sanadye munthu. Anali ndi miyendo basi, ndi chikwama chake. Ndipo ankalira ngati munthu. Ndinapitiriza.

Chimene bukulo linandichita ndi kundilanda bata. Kale chaka ndinkachiona ngati chinthu chimene chikapita chapita, ngati madzi otayika pamchenga. Tsopano ndinayamba kuganiza kuti mwina zaka zonse zilipo penapake, zasanjikizana, chabe kuti ife tilibe polowera. Ndikamachapa ndinkawerengera. Nditatsika masitepe awiri, ndili ku Dowa, amayi anga akundiitana kuti ndikaone ng'ombe yabereka. Nditatsika khumi, ndine mtsikana wa yunifolomu yong'ambika m'khwapa, sindikudziwa kuti chaka chimenecho ndi chomaliza kusukulu. Ndikanamuuza chiyani mtsikana ameneyo? Akanandimvera? Nanga kukwera? Pakhomo la tchalitchi cha mishoni panali masitepe atatu. Lamulungu lina ndinaima pa yachitatu, mwana kumsana, ndikuganiza kuti pano ndiye kuti uyu wayamba kuyankhula, wamkulu uja ali sitandade faifi, kaya tonse tilipo. Mayi wina kumbuyo kwanga anachita kundigwira phewa kuti ndilowe, ndikutsekereza anthu.

Zinthu zotere sungazisunge wekha. Ndinali ndi mnzanga mmodzi pamalopo, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana ndi yathu, mkazi wa msodzi. Iye ndiye anandiphunzitsa kuyanika usipa pathandala osauswa, ndiye ankandiperekeza kuchipatala mwana akatentha thupi. Tinkaitanana kuti achemwali. Ndinamufotokozera za masitepe aja tikuchapa kunyanja. Anasiya kufinya nsalu, anandiyang'ana.

"Achemwali, masitepe amenewo ali kuti? Andibwereke tsiku limodzi lokha."

"Mukatani?"

"Nditsike mpaka tsiku limene amuna angawa anabwera kudzandifunsira. Ndikawauze amalume kuti akafika muwauze ndapita kwa azakhali ku Namwera, sindibwera msanga."

Amayi ena amene ankachapa pafupi anafa nalo phwete. Wina anati iye akwera, akaone ngati apongozi ake adzakhale atasiya kulongolola. Wina anati ayi, kukwera n'koopsa, ungakapeze amuna ako ali ndi mkazi wachitatu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wailesi yawo. Ndikangofika ndi beseni, "Akazi a aphunzitsi, wamakalata uja wafika pati?" Ndisabise, zinkandikomera. Ine amene ndinakhala chaka chonse ngati wosayankhula, tsopano anthu ankandisungira malo pamwala wochapira.

Nthawi imeneyo kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko adzafika kuboma ku Mangochi, ndipo amayi tonse tinkasonkhana Lachitatu masana pabwalo la sukulu kukonzekera nyimbo ndi magule. Sunkafunsidwa ngati ukufuna. Unkavala nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope yawo, n'kupita. Kwa achinyamata amene simunaone masikuwo, ndifotokoze chinthu chimodzi. Panali nkhani imene sinkatuluka pakamwa pa munthu: yoti mtsogoleriyo ndi wokalamba, yoti tsiku lina adzamwalira, yoti pambuyo pawo padzabwera wina. Ngakhale kuyerekeza chabe unali mlandu, ndipo anthu ankatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ine ndinkadziwa. Aliyense ankadziwa.

Mmawa wa Lachitatu lina ndinafika pamene wamakalata uja anatopa ndi kutsika, n'kuyamba kukwera. Anakwera masitepe mazana awiri osapuma. Atatsegula chitseko, tauni yake sanaizindikire. Anafunsa mtsikana wina njira ya kunyumba ya mfumu, mtsikanayo anati mfumu iti. Anatchula dzina la mfumu imene pa nthawi yake anthu ankainjenjemerera, mtsikanayo anati sanalimvepo. Pamsika anapeza chifanizo cha mwala cha mfumu ija, mphuno itathyoka, dzina litafufutika ndi mvula, amayi ogulitsa atamangirirapo chingwe cha tenti yawo.

Ndinatseka bukulo. Ndinaona ukulu wa Mulungu, ndi kuchepa kwathu. Ndipo pamene ndinkavala nsalu ija kuti ndizipita kubwalo, ndinayang'ana nkhope inali pamenepo, ganizo linandibwerera lokha: awanso. Ndinalikankha msanga, koma linali litabwera.

Pabwalo tinapeza atcheya a amayi asanafike. Tinakhala pamthunzi wa chipinda cha sitandade wani, miyendo titatambasula, kutentha kukuchita kutuluka m'nthaka. Wina anayamba: "Akazi a aphunzitsi, tipatseni ya lero, tisagone." Achemwali anga aja anati, "Eya, wakwera kapena akuopabe?" Ndinafotokoza zonse, mtsikana uja, msika uja, chingwe cha tenti. Ndinkafotokoza ndi manja omwe, mmene ndinazolowerera kunyanja kuja.

Mayi wina wachitsikana anafunsa, "Ndiye akuluakulu a nthawi yake aja anapita kuti?"

"Anafa, mwanawe. Mafumu, olamulira, onse. Ngakhale wokumbukira dzina panalibe."

"Onse?"

"Onse. Munthu ndi munthu basi, ngakhale akule bwanji."

Palibe anaseka. Ndinaona achemwali anga akuyang'ana zala zawo za kumapazi. Mayi wina anakoka nsalu yake n'kuikonza pamaondo, ngati akuphimba nkhope ija kuti isamve. Nditacheuka, atcheya a amayi anali ataima pakona pa chipindacho, ambulera ili m'manja. Anali mayi wamtali, wa mawu amphamvu, amene ankayambitsa nyimbo zonse. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji.

Anangoti, "Tiyeni tiimirire."

Tinavina. Miyendo yanga inkaphonya ng'oma. Titamaliza anandikodola.

"Akazi a aphunzitsi, buku mumanenalo ndi la ndani?"

"La kusukulu, mayi."

"Anakupatsani ndi amuna anu?"

"Ee."

"Chabwino."

Anatsegula ambulera yawo n'kumapita. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndalakwa kawiri. Koyamba ndinalakwira pakamwa panga. Kachiwiri ndinaloza amuna anga. Mkazi wa pakhomo akanangomukalipira, koma mphunzitsi wa boma wobweretsa buku lotere, ameneyo ndiye ankatengedwa.

Ndinawapeza bambo a ana akuchonga makope pansi pa mtengo wa mango kuseri. Ndinagwada patali pang'ono, ndinawauza. Sanakuwe. Anatseka cholembera chawo chofiira bwinobwino, anachiika pakope.

"Bwerezani mawu ake enieni, mayi. Musakonze."

Ndinabwereza.

"Munati onse?"

"Ndinati onse."

Ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa chaka chapitacho mphunzitsi wina wa cha ku Chowe anakwezedwa galimoto ali ndi choko m'manja, ndipo mkazi wake anabwerera kwawo ndi ana osadziwa kumene mwamuna wake ali.

"Tiliwotche," ndinatero. "Kapena ndikaliponye m'nyanja ndi mwala."

"Ahedi akudziwa amene anatenga buku lililonse. Likasowa, ndiye kuti tavomera kuti munali zoipa. Bweretsani kuno."

Analiwerenga madzulo omwewo, lonse, thukuta likudontha pamasamba, makope aja atawasiya pansi. Ine ndinkangolowa ndi kutuluka, kunyamula ichi, kusiya icho. Atamaliza anandipatsa osandiyang'ana.

"Mulibe kanthu umu. Koma ndani ati awerenge mpaka kumapeto kuti aone kuti mulibe kanthu?"

Ndichite manyazi pano, poti ndakalamba. Mkati mwa mantha onsewo, kamtima kena kankafuna kudziwa ngati wamakalata uja anabwerera kwawo. Anali atanditsalira masamba ochepa. Ndinaliika bukulo m'sutikesi, pansi pa zovala za Lamulungu, ndipo ndinalonjeza Ambuye kuti sindiligwiranso, angondisungira amuna anga.

Lachinayi linadutsa, Lachisanu linadutsa. Msewu wa kwathuko sunkadutsa galimoto zambiri, ndiye iliyonse inkamveka ikali kutali. Ndikamva injini ndinkatuluka mwana ali kubere, n'kuima mpaka itapitirira sukulu. Mmawa bambo a ana akamapita kuntchito ndinkawasitira malaya kawiri, osadziwa chifukwa chake. Ndinawasokera thumba laling'ono mkati mwa thalauza, ndinaikamo mapiritsi awo a mutu, kuti akawatenga mwadzidzidzi asapite opanda kanthu. Iwo anaona, anavala thalauzalo n'kupita kuntchito. Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero silinkatha, linkaduka pakati ndi phokoso lililonse la panja.

Kunyanja malo anga aja pamwala anatha. Amayi ankandipatsa moni ndithu, koma akuyang'ana madzi. Sindikuwaimba mlandu, nawonso anali ndi amuna ndi ana. Achemwali anga okha ndiwo anabwera kunyumba Lachisanu, poyera, atanyamula mbale ya usipa.

"Mwaonda masiku awiri okha, achemwali. Idyani."

"Musamabwere kuno, angakuoneni."

"Andione, ndine mfiti? Tamverani. Akandifunsa, ine ndinena kuti Chichewa chanu cha ku Dowa sindimachimva bwino, mumayankhula ngati mukutafuna chimanga. Ndimangoseka poona anzanga akuseka."

Ndinaseka koyamba chiyambire Lachitatu, kenako ndinalira. Mulungu amudalitse mayi ameneyo kumene ali. Sitinkapemphera mofanana, koma anali yankho la pemphero langa.

Loweruka mmawa anabwera anyamata awiri a malaya ofiira. Anati atcheya a nthambi ya chipani akutifuna kusukulu, tonse awiri, ndi bukulo. Ana ndinawasiya kwa achemwali. Panjira bambo a ana anayenda patsogolo, buku m'manja, osalibisa. Anangocheuka kamodzi.

"Muyankhe chimene mwafunsidwa chokha. Musawonjezere, musakometse."

Anatilowetsa m'kalasi ya amuna anga yomwe. Munali ahedi, atcheya a amayi, ndi atcheya a nthambi, anyamata aja ataima pakhomo. Atcheya a nthambiwo anali telala, bambo wamfupi wachisilamu amene ankasoka pakhonde la golosale. Anabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Chikondwerero cha Asilamu cha Idi chinali pafupi, ndipo aliyense ankadziwa kuti pamakina awo paunjikana madiresi a theka la mudzi. Anakhala pampando wa aphunzitsi, ife pabenchi ya ana, maondo m'mwamba.

Atcheya a amayi anafotokoza zimene anamva. Sananame, ndiwachitire chilungamo. Ananena mawu anga monga ndinawanenera. Kuwamva akutuluka pakamwa pa munthu wina, m'chipinda chokhala ndi chithunzi cha mtsogoleri pamwamba pa bolodi, ndinaweramitsa mutu.

Atcheya a nthambi analitembenuza bukulo uku ndi uku. Chingerezi sankawerenga. Analipereka kwa ahedi.

"Tapezani pamene pali nkhaniyo, mutiuze m'Chichewa."

Ahedi anafufuza mwamantha, chifukwa katoni ija analandira ndi iwo. Amuna anga anawauza tsamba. Anamasulira mawu ndi mawu, mpaka pa chingwe cha tenti. Atcheya anamvetsera maso ali padenga.

"Aphunzitsi, buku limeneli munapatsidwa ndinu kuti muliyese?"

"Ee, bambo."

"Munaliyesa?"

"Ndinachedwa kuliwerenga, bambo. Kulakwa kumeneko ndi kwanga."

"Ndiye munapatsa amayi kuti akugwirireni ntchito ya boma? Malipiro mugawana?"

Mnyamata mmodzi pakhomo paja anatsokomola pobisa kuseka. Atcheya anatembenukira kwa ine.

"Amayi, munthu wanuyu anakwera masitepewo ali kuti? Kuno ku Mangochi?"

"Ayi, bambo. Kwa azungu."

"Mfumu yothyoka mphunoyo ndi ya kuti?"

"Ya komweko."

"Azungu ake ati? Omwe ankatilamulira aja?"

Sindinadziwe. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anati bukulo linasindikizidwa kudziko la omwewo, zalembedwa kuseri kwa chikuto. Ahedi anatsegula msanga n'kuloza ndi chala, ngakhale atcheya sakanatha kuwerenga.

"Ndiye buku limeneli likunena kuti atsamunda adzatha mpaka dzina lomwe? Nanga si zimene timaimba tsiku ndi tsiku?"

Ahedi anavomera ndi mutu kangapo. Ine ndinayamba kupuma. Koma atcheya a amayi sanasunthe.

"Pepani atcheya. Mayiwa sanati azungu. Anati onse. Anati munthu ndi munthu, ngakhale akule bwanji. Atavala nsalu."

Atcheya anavula tepi ija m'khosi, anaikulunga pachala, anaimasula. Ndinaona kuti sakufuna nkhani yaitali, komanso sakufuna kuti mawa idzamveke kuti anaitaya dala. Nawonso anali ndi khosi limodzi.

"Amayi, ndikufunsani kamodzi. Ndinu munthu wopemphera, tonse timakuonani Lamulungu. Pamene munkanena mawu amenewo, mumtima mwanu munaganizako za kuno kwathu? Za atsogoleri athu?"

Ndinkamva mbuzi ikulira kubwalo la mpira. Ndinakumbukira Lachitatu lija, nsalu ili m'manja mwanga. Ndinayang'ana pambali, ndinaona dzanja la amuna anga pabenchi, lili ndi inki yofiira pachala, likugwira thabwa mwamphamvu.

"Ayi, bambo. Sindinaganizeko."

Linali bodza. Ndalinena pamaso pa Mulungu kambirimbiri m'zaka zonsezi, ndipo lero ndalilemba. Sindinaphunzire zokwanira kuti ndidziwe mmene Iye amayezera bodza lotere. Ndimangodziwa kuti atandibwezera pabenchi ija, pakamwa panga pakanatulukanso mawu omwewo.

Atcheya anaimirira, anaika bukulo m'thumba la jekete.

"Ili likhala kwa ine. Amayi, nkhani za azungu muzisiyira azungu, inu muziimba nyimbo. Aphunzitsi, ntchito ya boma musamaipereke kukhitchini. Ine ndili ndi madiresi."

"Lipoti lipite kuboma, atcheya," anatero atcheya a amayi. "Anthu anamva ndi ambiri."

Atcheya a nthambi anaima pakhomo, anapumira m'mwamba.

"Lipita. Ndilemba zimene ndamva muno."

Ndiye nkhaniyo sinathere pamenepo. Tinatuluka tonse awiri, inde, ndipo ndinathokoza, koma lipoti linali panjira, ndipo palibe ankadziwa kuti likagwera patebulo la munthu wotani. Panjira ndinayesa kupepesa. Bambo a ana anati, "Za buku limenelo musadzandifunsenso, mayi. Ngakhale mathero ake." Sindinawafunsenso.

Milungu inayi inadutsa. Mtsogoleri anabwera kuboma, tinapita palole, tinavina padzuwa, ine pamzere wakumbuyo, ndikuimba mokweza kuposa onse. Kunyumba ndinkadzidzimuka ndi chilichonse. Mpunga ndinkauthira mchere kawiri. Mwana wamkulu anandifunsa chifukwa chimene ndimaimira pakhomo nthawi zonse, ndinati ndikufuna mphepo. Amuna anga anasiya kuseka patebulo. Ankapita kuntchito, kubwera, kuchonga, ndipo belu lolowera likalira ine ndinkawerenga maola mpaka lotulukira.

Lolemba lina, nthawi ya makalasi, dzuwa lisanafike pamutu, ndinaona anthu awiri akuchokera kusukulu kulunjika kunyumba kwathu. Anali ahedi ndi amuna anga. Mphunzitsi sachoka m'kalasi nthawi imeneyo popanda chifukwa. Ahedi anali ndi envulopu ya khaki. Ndinayang'ana kumsewu ngati kwaima galimoto. Kunalibe. Ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo.

Amuna anga anafika, anandiyang'ana, nkhope yawo sindinathe kuiwerenga.

"Kalata yochokera kuboma, mayi. Atisamutsa."

"Kupita kuti?"

"Sukulu ina kufupi ndi Chiponde, kumalire. Ati ndikayambe Lolemba likudzali."

"Inu nokha?"

"Tonse. Ine, inu, ndi ana."

"Ngati mphunzitsi?"

"Nanga ngati chiyani? Ngati telala?"

Ahedi anayamba kufotokoza kuti ndi kutali, nyumba yake ndi yofolera ndi udzu, madzi ndi ovuta, kusamutsa munthu pakati pa teremu si chilungamo, ndipo iwo sakudziwa ngati zachokera ku lipoti lija kapena ndi kusamutsa wamba. Mpaka lero sitikudziwa. Ine sindinkawamvanso. Ndinagwada pamchenga wotentha uja, pamaso pa ahedi, ndinayamba kuthokoza Ambuye mokweza, mawu akuthamangitsana, misozi ndi mamina. Ndinathokoza chifukwa cha nyumba ya udzu, ndinathokoza chifukwa cha madzi ovuta. Ahedi anavula chipewa posowa chochita.

Nditati ameni, ndinapeza amuna anga agwada pambali panga, thalauza la kuntchito lili m'dothi. Anandigwira dzanja n'kundidzutsa, pamaso pa mlendo, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane.

"Basi, mayi, kwatha. Kapempheni makatoni kugolosale. Lole ibwera Lachisanu, ndipo ine ndasiya ana okha m'kalasi."